Wophunzira Kumanga Masamba a pa Intaneti ku Mulanje: Ndalama Yake Ipite Kuti?

M'mwezi wa July chaka cha 2025, bungwe la UNESCO, pa msonkhano wake wa mumzinda wa Paris, lidalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. Mbiri imeneyi idakondweretsa ambiri, ndipo kudali koyenera kutero, pakuti phiri limene Amang'anja, Alomwe ndi Ayao akhala akulilemekeza chiyambire makolo awo tsopano lidziwika ndi mitundu yakutali. Koma ulemuwo udadza ndi kanthu kena kamene si onse adakaganizira. Mlendo wa ku Berlin kapena wa ku Cape Town akamva za Sapitwa, nsonga ija yotalika mamita 3,002, sayamba wakwera ndege ayi. Ayamba watsegula lamya yake ya m'manja ndi kufunafuna. Afuna kudziwa kumene akagone, munthu amene akamtsogolere, malipiro a wonyamula katundu, ndi miyezi imene chiperoni chivuta. Ndipo zambiri zimene azipeza zidalembedwa ndi alendo anzake amene adakhalako masiku atatu okha, osati ndi ana a pa Likhubula amene adabadwira patsinde pa phirilo.

Pa nthawi yomweyo, m'boma la Mulanje, mmene kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 680,000, muli anyamata ndi asungwana amene ayamba kuphunzira luso lomanga masamba a pa intaneti. Ena adakhudzako kompyuta ku sekondale. Ena adziphunzitsa okha usiku pa lamya, ndi bandulo yogula pa ndalama za ganyu. Ena adapita ku Blantyre milungu ingapo nabwerako ndi setifiketi. Afika poti akhoza kulemba tsamba limodzi lokhala ndi mutu, chithunzi ndi mawu, ndipo pamenepo aima. Tsono funso limene apita nalo kwa aphunzitsi awo akale, ndi kwa amalume awo ogwira ntchito pa Boma, nlakuti achitenji tsopano, ndipo tsambalo akaliike kuti kosafuna ndalama zambiri. Funso ili si lachibwana, chifukwa yankho lolakwika lidya ndalama imene banja lidasungira fetereza.

Yankho loona likhoza kunenedwa mwachidule, ngakhale ogulitsa sangalikonde. Wophunzira wotere safunika setifiketi yachiwiri, ndipo safunika kutumiza madola kutsidya kwa nyanja. Afunika ntchito imodzi yeniyeni ya munthu weniweni wa kwawo, ndi malo aulere oikapo ntchitoyo. Ndipo ngati pali ndalama yoti ituluke m'thumba, ipite ku dzina la tsambalo.

DZINA NDI NYUMBA

Nkhaniyi siimveka munthu akapanda kulekanitsa zinthu ziwiri zimene ogulitsa akonda kuzimanga mtolo umodzi. Tsamba la pa intaneti ndi mafayilo chabe, mawu ndi zithunzi, amene ayenera kukhala pa kompyuta yosazima usana ndi usiku kuti aliyense wofuna akawapeze. Kompyuta yotere itchedwa seva, ndipo kubwereka malo pa sevayo ndiko kumene akatswiri akutcha hosting. Kufanana ndi nyumba ya lendi: munthu alipira mwezi ndi mwezi, ndipo mwini nyumba akayamba kuvuta, atenga katundu wake nasamukira kwina. Chachiwiri ndi dzina lija munthu alemba pofuna kufika pa tsambalo, lothera ndi .mw kapena .com, limene litchedwa domain. Ili lifanana ndi nambala ya bokosi ku positi ofesi. Akalaliki akale adziwa bwino kuti sukulu ikhoza kusintha Mphunzitsi Wamkulu kasanu, nimanga ofesi yatsopano, koma nambala ya bokosi ikangotayika, makalata onse a zaka makumi awiri asokera.

Kotero nyumba ndi yosinthika, dzina nlosasinthika. Dzina ndilo lilembedwa pa chikwangwani cha pamsewu, pa risiti, pa kalata ya ofesi ndi m'mabuku a alendo. Lilipiridwa chaka ndi chaka, ndipo tsiku lolipira likapitirira kwa nthawi, wina aliyense akhoza kulitenga.

Mchira wa dziko lino, .mw, udakhazikitsidwa m'chaka cha 1997, ndipo mu 2002 udindo wosunga kaundula wake udaperekedwa ku bungwe la Malawi SDNP la ku Blantyre. Lamulo la 2016 loona za malonda a pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti lidapatsa bungwe la MACRA mphamvu pa nkhani za mainawa. Pansi pa .mw pali nthambi zake: .gov.mw ya maofesi a Boma, .ac.mw ya sukulu zaukachenjede, .org.mw ya mabungwe, ndi .co.mw ya amalonda. Dzina la .com, kwa ogulitsa ambiri akunja, ligwa pakati pa madola 10 ndi 20 pa chaka. Wogula afunse mitengo ya onse awiri asanasankhe. Koma kwa sukulu, chipatala kapena kopaletivu ya alimi, mchira wa.mw uli ndi ubwino umene ndalama siuyesa, pakuti uuza mlendo msanga kuti amene alankhula naye ali m'Malawi ndithu.

MSAMPHA WA DOLA

Nanga bwanji osangolipira kampani yaikulu ya ku America kapena ya ku Ulaya, popeza zikwangwani zawo zinena mtengo wochepa chotere? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo wolembedwa ndi zilembo zazikulu kawirikawiri ndi wa nthawi yoyamba yokha, ndipo upezeka munthu akalipiriratu chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu. Nthawiyo ikatha, mtengo wowonjezera ukwera, mwina kawiri kapena kuposa. Zimenezi zilembedwa ndithu, koma ndi tizilembo tating'ono pansi pa tsamba, pamene mnyamata wokondwa safikapo.

Choopsa choposa ndi ndalama yolipirira. M'mwezi wa May 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo m'mwezi wa November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imene idali pafupifupi K1,180 ku banki idafika pafupifupi K1,700 tsiku limodzi. Masamu ake ngosavuta. Wolipira madola 5 pa mwezi alipira madola 60 pa chaka. Pa mtengo wakale zidali K70,800, pa mtengo watsopano K102,000, ngakhale kampaniyo sidakweze kanthu. Onjezanipo vuto lopeza khadi ya banki yololedwa kulipira kunja m'nyengo ya kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo zioneka poyera chifukwa chake masamba ena amene adatsegulidwa ndi nthungululu adazima mwakachetechete chaka chachiwiri. Mwana wa mlimi wa tiyi wa ku Limbuli, amene ndalama zake zidza mwa kwacha ndiponso mwa nyengo, sayenera kudzimanga chingwe cha dola pa ntchito imene sidayambe kumbweretsera tambala.

Alipo makampani a Amalawi ku Blantyre ndi ku Lilongwe amene abwereketsa malo otere nalandira kwacha, ena ngakhale kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money. Ubwino wawo ngwakuti zikavuta pali munthu womuimbira lamya ndi kulankhula naye Chichewa. Komabe ambiri a iwo nawonso abwereka maseva kunja, kotero mitengo yawo itsata dola chapatali. Wopita kwa iwo afunse zinthu zitatu asanatulutse ndalama: mtengo wa chaka chachiwiri, ngati asunga kope la tsambalo pa tsoka, ndi ngati dzina lilembedwa m'dzina la wolipira kapena la kampani. Funso lachitatuli ndilo lalikulu.

MALO AULERE

Chimene ophunzira ambiri sadauzidwe nchakuti tsamba losavuta, la mawu ndi zithunzi zosasinthasintha, likhoza kusungidwa kwaulere mwaulemu wake. GitHub Pages, Netlify ndi Cloudflare Pages zilandira masamba otere popanda kulipiritsa, zilola munthu kulumikiza dzina lakelake, ndipo zipereka kaloko kaja koonetsa kuti tsamba nlotetezedwa, kamene kale kankagulidwa ndi ndalama bungwe la Let's Encrypt lisanayambe kukapereka kwaulere. Tsamba la sukulu, la mpingo, la nyumba yogona alendo kapena la gulu la otsogolera alendo kuphiri silifuna zoposa pamenepa. Malire alipo: GitHub Pages salola kuti malowo asanduke sitolo yolandirirapo ndalama, ndipo WordPress, chida chotchuka chimene chidayamba mu 2003, chifuna seva ya mtundu wina imene kawirikawiri ilipiridwa. Koma woyamba kumene alibe chifukwa chothamangira zimenezo.

Wina adzati zaulere sizikhalitsa, ndipo wanena zoona. GeoCities, kumene anthu miyandamiyanda adamanga masamba awo oyamba, idatsekedwa mu 2009. Heroku idaleka kupereka malo aulere m'mwezi wa November 2022. Kampani iliyonse yopereka zaulere lero ikhoza kusintha maganizo mawa. Koma taonani amene adalira pa masiku amenewo: adali aja amene dzina lawo lidali mphukira ya dzina la kampaniyo, ndi aja amene adalibe kope la mafayilo awo. Munthu wokhala ndi dzina lakelake ndi mafayilo ake pa fulashi asamuka masana amodzi, ndipo alendo ake sazindikira nkomwe kuti wasamuka. Ndicho chifukwa chake ndalama yochepa imene ilipo iyenera kupita ku dzina.

Ena aganiza zosandutsa kompyuta ya mu ofesi kukhala seva, kuti asalipire aliyense. Amene adali ku Mulanje m'mwezi wa March 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula milatho nagwetsa mapolo a magetsi, safunika kuuzidwa kuti tsamba lotero likadazima pa nthawi yeniyeni imene abale akutali ankafuna kumva za kwawo.

NTCHITO ISANAFIKE PA SEVA

Tsono nkhani ya malo ikatha, itsala yaikulu, ndiyo ya luso lenilenilo. Pano mpofunika kudekha, ndipo anthu a ku Mulanje sasowa chitsanzo. Tiyi wakhala akulimidwa m'bomali kuyambira zaka za m'ma 1890, ndipo mlimi aliyense, kaya wa pa esiteti ya Lujeri kaya wa m'gulu la Sukambizi, adziwa kuti mbande ikachoka ku nazale ipita zaka isanathyoledwe mokwanira, ndi kuti wofulumira kuithyola aipha. Ophunzira ambiri achita zofanana ndi kuthyola mbande: asanadziwitse HTML, chinenero choyalira mutu, ndime ndi zithunzi, ndi CSS, chokonzera maonekedwe, athamangira zida zikuluzikulu zimene amva kuti ndizo zili m'fasho. Mapeto ake adziwa kukopera ntchito ya ena, koma kanthu kakaphwanyika sadziwa pogwira. Dongosolo labwino nlakuti HTML ndi CSS zikhazikike kufikira munthu atamanga tsamba lathunthu osayang'ana kwa wina. Pambuyo pake JavaScript pang'onopang'ono. Ndipo m'kati mwa zonsezi aphunzire Git, njira yosungira mbiri ya kusintha kulikonse, imene ndiyonso khomo lolowera ku malo aulere aja. Maphunziro a freeCodeCamp ndi mabuku a MDN a bungwe la Mozilla salipiridwa.

Ndipo pali chitonthozo kwa wakumudzi. Kulemba tsamba ndi kuliyesa sikufuna intaneti; fayilo yolembedwa pa kompyuta itseguka pomwepo, ngakhale bandulo itatha dzulo. Intaneti ifunika potenga maphunziro ndi potumiza ntchito yomalizidwa basi. Chimene chifunika tsiku ndi tsiku ndi magetsi ndi kompyuta yakale, ndipo zimenezi zipezeka m'sukulu zina za sekondale, m'ma TDC ena, ngakhalenso kumidzi ya ku Bondo kumene madzi a Lichenya apukusa makina a magetsi a bungwe la MEGA.

Wakumudzi ali ndi mwayi winanso umene wa mumzinda alibe: adziwa kulemera kwa tsamba m'thumba mwake. Chithunzi chojambulidwa pa lamya chikhoza kulemera mamegabayiti anayi. Chikachepetsedwa bwino chitsika kufika gawo limodzi mwa magawo makumi awiri, diso osaona kusiyana. Mmisiri wozolowera intaneti ya mu ofesi aunjika zithunzi khumi zolemera pa tsamba loyamba, ndipo kholo la ku Nkando lofuna kungodziwa tsiku lotsegulira sukulu lithera bandulo yonse likudikira. Amalawi ochuluka afika pa intaneti kudzera pa lamya, osati pa kompyuta. Tsamba limene silitseguka msanga pa lamya yotsika mtengo, pamalo pamene netiweki ili timizere tiwiri, nlolephera, likongole chotani.

Koma luso lonseli silikhwima pa masamba oyeserera a kampani yongopeka. Likhwima pamene mwini nyumba yogona alendo ku Chitakale anena kuti mtengo walembedwa molakwa ndipo ukonzedwe lero lomwe. Pamene mlembi wa kopaletivu ya nanazi achedwa milungu iwiri kupereka zithunzi. Pamene wotsogolera alendo afuna kuti njira ya ku Chambe ndi ya ku Lichenya zifotokozedwe m'Chingerezi chomveka ndi m'Chichewa chomwe. Pamenepo wophunzira aphunzira kufunsa, kulemba, kusunga nthawi ndi kutchula mtengo wa ntchito yake, zimene palibe setifiketi iphunzitsa. Ntchito yoyamba ikhale yaing'ono: masamba anayi kapena asanu, onena kuti eni ake ndi ayani, achita chiyani, apezeka kuti, ndipo aimbiridwa pa nambala iti. Ena adzati Facebook ndi WhatsApp zikwanira, ndipo pa malonda a tsiku ndi tsiku zikwaniradi. Koma uthenga wa pa Facebook umira pansi pa mauthenga ena mawa lake, ndipo tsambalo ndi la mwini Facebook, amene akhoza kulitseka osafunsa munthu.

GAWO LA APHUNZITSI NDI ANTCHITO A BOMA

Boma lachita mbali yake pa zinthu zikuluzikulu. Chingwe cha intaneti chidayalidwa kufika m'maboma. Ntchito ya Digital Malawi, imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idavomereza mu 2017 ndi ndalama zoposa madola 72 miliyoni, idathandiza pa maphunziro a luso la makina kwa achinyamata. Mu 2022 nyumba yosungira uthenga wa Boma pa makina idatsegulidwa ku Blantyre. Ndipo sukulu yaukachenjede ya MUST, imene idatsegulidwa mu 2014, ili pa Ndata m'boma loyandikana nalo la Thyolo. Koma msewu, ngakhale wa tala, sunyamula katundu wokha. Chosowa tsopano si chingwe koma ntchito yoyamba, ndipo ntchito yoyambayo ili m'manja mwa Mphunzitsi Wamkulu, mlembi wa khonsolo ndi mlangizi wa zamalonda, amene ndiwo adziwa sukulu, gulu kapena kopaletivu yosowa tsamba. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, lifuna kuti maofesi aziulula okha zambiri za ntchito yawo, ndipo tsamba laling'ono losamalidwa bwino ndi njira yotsika mtengo yochitira zimenezo. Masamba a maofesi a Boma ali ndi njira yake yodzera ku likulu, ndipo iyenera kutsatidwa. Koma sukulu za mishoni, makomiti a makolo, magulu a alimi ndi a achinyamata ali ndi ufulu woitana mwana wa m'dera lawo.

Pomuitana, pali cholakwa chimodzi chimene chabwerezedwa kambirimbiri, ndipo ndi akuluakulu, osati mwanayo, amene ayenera kuchipewa. Mnyamata amanga tsamba la sukulu mwa chifundo, nalembetsa dzina pa imelo yakeyake chifukwa palibe wamuuza zina. Patapita chaka apeza ntchito ku Lilongwe kapena atsika ku Joni, nambala yake isintha, tsiku lolipira lifika, ndipo uthenga wokumbutsa upita ku imelo imene palibe wa pasukulu aiwerenga. Dzina lija, limene lidasindikizidwa kale pa makalata ndi pa chipata, litayika, ndipo nthawi zina lipezeka likuonetsa malonda a juga. Pamenepa palibe wakuba. Pali kusasamala chabe kwa anthu amene sangalole kuti makiyi a sitolo ya mabuku akhale ndi munthu wosalembedwa m'kaundula, koma alola kuti makiyi a dzina la sukulu apite ndi mlendo.

Njira yake ndi ya kiofesi, ndipo aliyense wozolowera fayilo aimva msanga. Dzina lilembetsedwe m'dzina la sukulu kapena la gulu, pa imelo ya ofesi. Mawu achinsinsi olowera alembedwe, aikidwe mu envulopu yomata, nasungidwe pamodzi ndi mabuku a ku banki, ndipo atchulidwe m'kalata yosiyirana ntchito pamene Mphunzitsi Wamkulu asamutsidwa. Tsiku lolipira lilowe pa kalendala ya chaka monga lilowera la mayeso. Kope la mafayilo likhale pa fulashi mu kabati. Ndipo popeza dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu payekha, maina, malikisi ndi zithunzi za ana zisakwezedwe pa tsamba makolo asanavomere. Pomaliza, mnyamatayo alipidwe, ngakhale pang'ono, ndipo aloledwe kulemba dzina lake pansi pa tsambalo. Pakuti akadzapita kukafuna ntchito yachiwiri, wolemba ntchito sadzafunsa pepala, adzatsegula lamya naona.

Chaka ndi chaka, kawirikawiri m'mwezi wa July, othamanga asonkhana pa Likhubula pa mpikisano wa Porters Race, nakwera phiri ndi kutsika tsiku lomwelo. M'nyengo yomweyo alendo achuluka, ndipo nyumba zogona, otsogolera, osema ziboliboli ndi ogulitsa zipatso onse afuna kupezeka. Wophunzira amene ayamba m'mwezi wa January, napatula miyezi itatu ya HTML ndi CSS, mwezi umodzi wa Git ndi kuchepetsa zithunzi, ndi miyezi iwiri yoyenda ndi kope kwa mwini ntchito mmodzi wa pa Chitakale kapena pa Likhubula, akhoza kukhala ndi tsamba lamoyo alendowo asanafike, atalipira dzina la chaka chimodzi ndi mabandulo basi.